Lobisita wa Apongozi mu Novembala

Kumapeto kwa Novembala, m'nyumba ina ku Thamesmead, kudziko la azungu kumene nyengo zimasemphana ndi za kwathu, Paterson anaima pakati pa balaza atavala suti ya labala yomirira m'madzi, zipi itakanirira kumsana. Anali atalonjeza apongozi ake, amene amafika Loweruka kuchokera ku Zomba, kuti adzadya lobisita, nkhanu yaikulu ya m'nyanja yamchere, yogwira iye ndi manja ake. Ndiye anaitana Wilbroad, mnansi wake wa ku Lusaka, kuti adzamukokere zipiyo.

"Kokani, achimwene. Sitima ya kugombe sindifuna indisiye."

"Muyenda kuti, ba Paterson?"

"Kukamira. Lobisita."

Wilbroad anasiya zipi. "Manje? Lobisita ni wa nyengo yotentha."

"Ndikudziwa! N'chifukwa chake ndadikira Novembala."

"Novembala ni kozizira."

"Kuti? Ine ndinabadwa mu Novembala, mayi anga mpaka lero amadandaula thukuta lake."

Wilbroad anapita pawindo, napukuta nthunzi ndi chigongono. Pansi, anthu odikira basi anali atadzikulunga mpaka m'makutu.

"Aja sachita thukuta."

"Aja ndi anthu. Ine ndikunena nkhanu."

"Nkhanu ili mu manzi ya kuno. Manzi ikazizira, iyenda kutali pakuya, ibisala mu myala. Ibwera kufupi mu Juni, Julaye, Ogasiti."

"Juni?" Paterson anaseka mpaka labala analira. "Juni wa chiperoni? Munthu wamkulu, wa digiri, kulowa m'madzi mu Juni?"

"Juni uja munali kugona na windo yotsegula. Ninamvera mkonono."

"Kumeneko kunali kutentha kwangozi. Kalendala ndiye sanama."

"Kalendala ya kuti?"

"Ya m'thupi muno!" Anafuna kudzimenya pachifuwa, koma suti inakaniza mkono panjira. "Tamverani, Wilbroad. Ndinawauza apongozi pafoni kuti ndimatola lobisita ngati mango. Bessie analipo. Mkazi wangayo anangoti 'eti', n'kutuluka. Mukuidziwa 'eti' imene ija?"

"Mango nayo ili na nyengo."

"Novembala! Mwaona?"

"Ku Zomba."

Paterson anakhala pampando mosapinda mawondo. Anayang'ana zipsepse zake zatsopano zovala kumapazi posambira, mapepala a kusitolo akadali pomwepo, kenako anayang'ana windo. Kunja kunayamba kuwaza.

"Nanga ndikangomira pang'ono, n'kukamuitana?"

"Sayankha."

"Apongozi ndiwauza chiyani?"

"Muwauze zoona. Lobisita ayenda, adzabwera."

Paterson anapumira m'mwamba. Anaona kale nkhope ya apongozi, ndi 'eti' yachiwiri ya Bessie.

"Chabwino, mwapambana. Ndiwauza adzabwerenso. Koma Julaye akafika, inu katswiri, tikamira limodzi. Mudzatsogola."

Wilbroad anabwerera m'mbuyo, nadzikumbatira ngati wamva mphepo.

"Ine? Mu manzi? Mu Julaye? Imwe, mufuna nife na chibayo?"