Jekete Yakunja

Loweruka masana, Fasho anali atatha theka la ola ali pagalasi la pabalaza, akutembenukira uku ndi uku mu jekete ya jinzi yomwe anaipeza pa kaunjika dzulo lake. Dzina la Fasho anamupatsa ndi anzake a kuntchito yokonza mafoni, iye n'kulilandira ngati digiri, ndipo lero 3 koloko anali atapangana ndi mtsikana amene anakhala akumuzunguza mutu kwa miyezi inayi.

Bambo ake, omwe anapuma pantchito yowotcherera zitsulo, analowa atanyamula kawailesi kawo. Awa ndi bambo oti ukawauza kuti njala yakupha, amayamba kukugwira pamtima kuti aone ngati ukupuma. Anaima, anayang'ana jekete ija, n'kuzimitsa wailesi.

"Iwe, tatembenuka."

"Mwaiona eti, adadi? Nenani, musaope."

"Tatembenuka kaye."

Fasho anatembenuka pang'onopang'ono, manja m'matumba, chibwano m'mwamba.

"Waitenga kuti?"

"Pa kaunjika. Belo yongotsegula kumene. Ndinachita kulimbirana ndi anthu atatu, wina mpaka anandiponda chala."

"Kwa mayi aja a ambulera yofiira, pafupi ndi ogulitsa nsapato?"

"Aa! Mumawadziwa?"

"Amene amawadziwa ndi amayi ako. Kweza mkono wamanzere."

"Oo, mukunena timabowoti? Imeneyo ndiye sitayilo, adadi. Imachokera choncho kufakitale. Kunjaku kuli makina ongoboola basi, ntchito yake yomweyo."

"Tilipo khumi ndi tinayi."

"Simunawerenge n'komwe."

"Werenga iwe."

Fasho anawerenga mokweza kuti awachititse manyazi. Atafika pa khumi mawu anayamba kuchepa. Pa khumi ndi tinayi anali akunong'ona.

"Mwangolotera."

"Mkono wamanja uli ndi tingati?"

"Ulibe."

"Makina akunjawo ndi amanzere?"

"Ine ndidziwa bwanji za makina a eni?"

"Chifukwa ine ndine wamanzere. Ukamawotcherera, moto umathethekera kumkono umene wagwirira ndodo. Jekete imeneyi ndi yanga."

Mawu amenewa anamulasa Fasho pamtima penipeni. Mnyamata amatha kupirira zambiri, kutukwanidwa ndi bwana, kunyowa ndi mvula atavala nsapato zoyera, koma osati kuuzidwa kuti fasho yake yonse ndi chovala chogwirira ntchito cha bambo ake.

"Ayi! Ayi, adadi, pamenepo ndiye ndakana."

"Mwezi watha amayi ako anakonza m'kabati, anatulutsa thumba lathunthu la zovala. Ndakhala ndikuifunafuna mpaka kunsi kwa bedi. Nditawafunsa anati mwina yadyedwa ndi makoswe."

"Ndiye inadyedwadi. Iyi ndi ina."

"Ndinakayika. Khoswe sadya mabatani achitsulo. Akanawasiya."

"Adadi, majekete ofanana ndi ambirimbiri padziko lapansi. Iyi ndi yakunja. Taonani chizindikiro pakhosipa, mawu ake sawerengeka n'komwe."

"Ndi yakunja, inde."

"Eya! Mwavomera nokha."

"Inenso ndinaigula pa kaunjika, iwe usanabadwe."

"Ndiye mukuti yabwera kawiri?"

"Kunja inachokerako kamodzi. Ulendo wachiwiriwu yachokera kuchipinda uko."

Fasho anakhala pampando, n'kudzukanso msanga poopa kuikwinya kumsana.

"Umboni mulibe."

"Pisa m'thumba lam'kati."

"Mulibe kanthu, ndinafufuza kale."

"Sindikunena za kanthu. Pakona pake pasokedwa ndi chiyani?"

"Ndi... kawaya."

"Ka mtundu wanji?"

"Kofiirira. Mayi a kaunjika anandionetsa okha. Anati imeneyi ndi ntchito yamanja, ya mmisiri weniweni."

"Sananame. Manja ake ndi awa." Anawatambasula onse awiri. "Ulusi unali utatha. Ndinasenda waya wa ayironi yakufa."

"Mulungu wanga!"

"Ugwire bwino, nthawi zina kamabaya."

Fasho anabwerera pagalasi. Jekete inali yomweyo, mapewa omwewo, kutuwa komweko kumene dzulo kunamuchititsa kuyenda ngati msewu ndi wake. Koma tsopano akayang'ana ankaona bambo ake atanyonyomala pansi pa geti ya munthu, akuthetheketsa moto. Anakunga nkhope n'kumanga batani lapamwamba.

"Olo ikhale yanu. Ndagula ndine, ndivala ndine."

"Ine sindinakulande. Ukupita nayo kuti?"

"Kumalo a magemu."

"Kuja mumakakuwa kuja?"

"Sitikuwa, timakapumula. Sabata yonse ndimakhala nditaweramira mafoni a anthu, wina wagwetsera m'madzi, wina wakhalira. Mutu umafuna kuzizirako."

"Kupumula ndimakudziwa. Munthu amagona chagada n'kutseka maso. Iwe ukamapumula kuchipinda kwakoko, aneba amabwera kudzafunsa ngati mwalowa njoka."

"Zinachitika kamodzi kokha!"

"Kawiri. Ulendo wina anabwera ndi mpini."

"Inali penate, adadi. Mphindi yomaliza."

"Unaponyera kuti?"

"Kunja."

"Ndiye unapumula?"

Fasho anatenga kabotolo ka perefyumu pawindo n'kudzipopera kachitatu, ngati kuti nkhani yatha. Bambo aja anayetsemula.

"Ukukakumana ndi mtsikana."

"Ndi mnzanga chabe."

"Anzako ndimawadziwa. Umapita kwa iwo usanasambe n'komwe."

"Chabwino! Ndi mtsikana. Amagwira ntchito ku famase yoyang'anana ndi shopu yathu. Amasewera mpira wa pa gemu kuposa aliyense kumeneko. Tsiku loyamba anandichinya zigoli zisanu ndi ziwiri."

"Iwe unali goloboyi?"

"Ayi, pa gemu umakhala timu yonse."

"Anthu khumi ndi mmodzi?"

"Eya."

"Onsewo iwe?"

"Eya, adadi."

"Ndiye anthu khumi ndi mmodzi munagonja kwa mtsikana mmodzi?"

"Nayenso anali khumi ndi mmodzi!"

"Ndiye ukukakumana ndi uti mwa iwowo?"

"Adadi, chonde!"

"Ndikungofunsa. Perefyumu wathirayo ndi wokwanira onse."

Apa Fasho anafewa. Ankafuna kukwiya, koma mantha omwe anawabisa m'jekete kuyambira m'mawa anatulukira pakamwa okha. Anakhala pamkono wa sofa n'kuyang'ana nsapato zake.

"Ndimamukonda, adadi. Miyezi inayi ndakhala ndikugula mankhwala a mutu, mutu usakundipweteka. Lero ndi koyamba kuti avomere tikasewere awiriwiri, popanda gulu. Ndikalakwitsa lero, basi, ndibwerera kogula mankhwala."

"Mankhwalawo ali kuti?"

"Ali mu dilowa."

"Uwayang'ane madeti, amatha mphamvu. Ndiye ukufuna ukamufunsire?"

"Zikayenda bwino. N'chifukwa chake ndikufuna ndikaoneke mosiyana ndi anyamata ena onse. Onse aja amavala zofanana, ngati anawagula pamodzi."

Bambo aja anagwedeza mutu, n'kuyang'ana jekete ija nthawi yaitali.

"Inenso ndinavala yomweyi pokafunsira amayi ako."

Fasho analumpha.

"Zoona? Mwaona! Mwaona, adadi! Ndiye mumabisiranji? Jekete ya mwayi imeneyi! Yachita kundifunafuna yokha mpaka pamsika!"

"Anandikana."

"Ha?"

"Anandikana. Anati ndibwerere kumene ndachokera."

"Aa, koma akazi a kale ankatero poyamba, kuti aone ngati munthu watsimikiza."

"Inenso ndinaganiza choncho. Sabata yotsatira ndinapitanso, nditavala yomweyi."

"Ndiye analola."

"Sanatuluke n'komwe. Anatuma mng'ono wawo kudzandiuza pageti."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Akuti kulibe.'"

Dzanja la Fasho linapita lokha pabatani lapamwamba lija.

"Nanga... nanga ine ndinabadwa bwanji?"

"Kuchipatala."

"Ndikutanthauza kuti analola liti!"

"Ulendo wachitatu. Tsiku limenelo jekete ndinali nditaichapa, inali pachingwe, ikudontha. Ndinapita ndi malaya wamba, oyera. Analola ndisanamalize n'komwe mawu anga."

Kunja kunadutsa njinga yamoto. Fasho anaseka kuseka kouma kwa munthu amene waona galu koma safuna kuthawa pamaso pa anthu.

"Ine zimenezo sindizikhulupirira. Chovala ndi chovala."

"Inde, ndi chovala."

"Mukungofuna kundiopseza kuti ndivule, muitenge."

"Ine sindinapemphe. Wagula ndiwe. Vala."

"Ndivala!"

"Vala."

"Ndavala kale!"

"Ndaona."

"Ndipo ndikupita."

"Chitseko ndi icho."

Fasho anayenda monyang'wa mpaka pachitseko, anagwira chogwirira, n'kuima pomwepo ngati wagwidwa ndi magetsi. Sanatembenuke.

"Kawiri konse?"

"Kawiri."

"Mwina tsiku limenelo simunasambe."

"Ndinasamba ndi sopo watsopano."

"Mwina munalankhula zosamveka."

"Mawu anali omwewo maulendo onse atatu. Ndinawalemba papepala."

"Mwina nsapato?"

"Ndinali ndi peyala imodzi yokha."

"Ndiye chinasintha ndi jekete basi?"

"Pa zovala, inde."

Ukanamuona mmene anaivulira! Jekete yomwe anaimenyera nkhondo pamsika, yomwe anaipachika dzulo pamalo poti aziiona ali pabedi, anaiponya pasofa ngati muli chinkhanira. Anathamangira kuchipinda. Kunamveka kabati ikutsegulidwa, mahang'ala akugwa. Anatuluka ndi malaya oyera akumanga mabatani mokhota, n'kuimanso pagalasi.

"Awa ali bwanji?"

"Ndi malaya."

"Ndikutanthauza akuoneka bwanji!"

"Oyera."

"Ndipisire kapena ndisiye kunja?"

"Mmene ukufunira."

Anapisira. Anatulutsa. Anapinda mikono, anaipindulanso. Anabwerera kuchipinda, anatuluka ndi ena amizeremizere, anawayesa pachifuwa, n'kuwataya pampando. Anapesa tsitsi lomwe linali lopesa kale. Pamene ankasuzumira kuti aone kumsana, anaona m'galasimo chinthu chimene chinamudzidzimutsa.

Bambo ake anali atavala jekete ija. Mabatani anali akukana kukumana pamimba, koma mapewa anakhala ngati anayezera dzulo. Anali ataimika kolala, dzanja limodzi m'thumba, akudikira moleza mtima kuti galasi lipezeke.

"Adadi! Mwavala chinthu cha tsoka?"

"Tsoka lanji?"

"Si mwanena nokha kuti amayi anakukanani chifukwa cha jekete imeneyi?"

"Ine? Sindinanene zimenezo. Ndinati anandikana nditavala jekete."

"N'chimodzimodzi!"

"N'zosiyana. Jekete ankaikonda kwambiri. Titakwatirana ankachita kundibwereka kukazizira. Aitaya pano chifukwa akuti mimba yangayi ikuichititsa manyazi."

"Nanga anakukaniranji kawiri konse?"

Bambo aja anamukankha pang'ono ndi chigongono, n'kuima pakati pa galasi. Anakonza kolala, anatembenukira uku, anatembenukira uko.

"Ndinkafika mochedwa. Ndikavala iyi sindinkatha kuchoka pagalasi, ndiye amayi ako ankatopa n'kudikira." Anayang'ana wotchi yapamkono. "Iwe mwapangana nthawi yanji?"

"3 koloko."

"Ndiye thamanga, mwana wanga. Yapitirira ndi mphindi makumi awiri."