Mababu Anga Sindichotsa

Omvera anzanga, ine ndimanyamula katundu pa kagalimoto kanga kakale, kuchoka Mzimba boma kupita ku Manyamula. Nyali zake zinkawala ngati koloboyi.

Tsiku lina kutangoda, ndikubwerera ku boma, sindinaone masamba amene anthu anaika pamsewu posonyeza kuti pali maliro. Ndinangozindikira azimayi ali kutsogolo kwanga, atasenza nkhuni, akupita kusiwa. Ndinaponda buleki, galimoto n'kuima itakhudza chitenje cha mayi wina, nkhuni zake mbwee pamsewu. Bambo wina wachikulire anabwera pawindo nati, "Adada, mukufuna tilire maliro awiri?"

M'mawa mwake ndinagula mababu owala kwambiri. Makaniko anawaika moti aziloza pansi, asamathobwe anzanga m'maso.

Masiku ano madalaivala anzanga pasiteji amandiseka. "Akulu, chiphapha chimenechi mwachiveka maso a galimoto ya bwana? Mbwenu mwayamba matama chomene!"

Sekani ndithu. Inu simunamve mmene mayi uja anakuwira. Msewu wathu ndi wa ng'ombe, ngolo ndi njinga zopanda nyali. Galimoto yanga ikhale yosuluka utoto, chitseko ndizimanga ndi chingwe, koma mababu awa sindichotsa.