Machenjezo a Ambuya Tikambenji

Tsiku la chilanga mulilo cha Bethany, mwambo umene akuchikazi amakapereka zakudya kwa mkamwini, agogo ake a mkwatibwiyo, Ambuya Tikambenji a ku Chelstone, anali atamanga kale mbale za nkhuku ya mkamwini m'zitenje, kuti akakumane ndi azimayi anzawo ku Kabwata asananyamuke kupita kuchimuna. Chotsala chinali galimoto basi, koma mdzukulu wawo Wilbroad, m'malo mothamangira kumsewu, anatsegula laputopu, ndipo chinthu chotseguka ngati kamwa la ng'ona, ana inu, muzichiyang'ana kawiri.

"Iwe, motoka ili kuti?"

"Ibwela manje manje, Ambuya. Nizatuma AI."

"Mwana wa yani ameneyo?"

"Si mwana, ni makina oganiza. Ali na zida zake, china choitanila motoka, china chotumila uthenga. Chida chilichonse chili na mawu ochifotokoza. Nchito yanga ni kuona ngati mawuwo amutsogolela bwino, nipatse mamaki."

Ambuya anakokera mbale zija kumapazi kwawo. "Welenga ndimve."

"'Chida ichi chiitana motoka. Chiuze pamene munthu ali, na kumene ayenda.'"

"Pitiliza."

"Yasila."

"Basi? Mwana kumutuma ndi mawu awili, ngati ukuingitsa nkhuku? Amene analemba zimenezo sanalelepo mwana. Mupatse zilo!"

"Zilo ifuna chifukwa, Ambuya. Chasowa ni chani?"

"Machenjezo! Lemba."

Wilbroad ndi mwana woti ukamutuma mchere amabwera ndi mchere, osakuuza kuti wapeza nyumba ya mnansi ikupsa. Anayala zala pamabatani kuti awonjezere machenjezowo pa mawu a chida chija.

"Dalaivala wa magalasi akuda, ayi. Maso obisa ali ndi chifukwa."

"Nalemba."

"Wosekaseka, ayi, afuna akuzolowele. Wosaseka, ayinso, ali ndi zake mumtima."

"Nanga woseka pang'ono?"

"Ameneyo ndiye woopsa, waphunzila. Msewu wodzaza anthu, ayi, kuli akuba. Wopanda anthu, ayi, adzakuona ndani? Tsono chachikulu: asauze munthu pamene tikhala, kapena kumene tipita. Ulendo suululidwa. Ansanje amakutsogolela panjila."

Wilbroad anaimitsa zala. "Na dalaivala asamuuze?"

"Makamaka iyeyo! Si ndiye ali ndi motoka yobwelela nayo tikagona?"

"Nalemba," anatero, n'kudina batani.

Pomwepo foni ya Ambuya inalira m'mfundo ya chitenje. Anali amake Bethany: ng'oma zafika, azimayi avala, nkhuku ili kuti? Ambuya anayankha kuti ali panjira, poti ngakhale mwana wako womubereka sumuuza zonse pafoni.

"Makina ayankha," anatero Wilbroad. "Akuti, 'Pepani, sindingathe kuitana galimoto. Ndaletsedwa kunena pamene muli ndi kumene mukupita.'"

"Wati pepani?" Ambuya anagwira pachifuwa. "Aa, mwana waulemu! M'nyumba muno sindinamvelepo mawu amenewo. Mupatse teni."

"Teni. Koma motoka siibwela."

"Muuze aitane!"

"Mwamuletsa. Nichotse chenjezo limodzi?"

"Usayese! Chenjezo silibwelela m'kamwa. Umuuze chabe kuti ine ndikati asauze munthu, ndiye kuti auze pang'ono."

"Pang'ono ni bwanji? Afuna achite kuuzidwa."

"Anene kuti pafupi ndi msika, geti yobiliwila, pali mtengo wa mapeyala."

"Ndiye mwaulula nyumba yonse, Ambuya."

"Mayo! Fufuta! Fufuta msanga asanamve!"

Wilbroad anafufuta, nafunsanso makinawo chochita. Anawerenga yankho ndi mawu a munthu wolengeza kutchalitchi: "'Njira yokhayo yosunga malangizo onse ndi kukhala pakhomo.'"

"Ehee! Si zimene ndakhala ndikukuuzani zaka zonsezi? Mwana uyu akanabadwa m'mimba mwanga!"

Foni inaliranso. Ambuya sanaigwire. Anayang'ana mbale zija, ndipo m'maso mwawo munabwera a kwa Mukuka, akuchimuna, atakhala pamipando m'manja muli mbee, akunong'onezana kuti anthu a kum'mawa, kwawo kwa Ambuya, sadziwa mwambo. Anaonanso Bethany akulowa m'banja ndi manyazi a nkhuku imene sinafike. Manyazi otere, ana inu, sachoka ndi sopo.

"Nyamuka! Thamangila ku Great East Road, gwila iliyonse!"

Wilbroad anaima pakhomo. "Olo wa magalasi akuda?"

"Ngakhale wovala chigoba cha gule kumaso!"

"Nimuuze kumene tiyenda?"

"Muuze! Kabwata! Kuwa kuti Chelstone yonse imve!"

Anatuluka, kenaka anasuzumiranso. "Ambuya, lipoti ifunika lelo. Mawu aja nasiya pa teni?"

"Teni wa chiyani? Mawu omanga mwana miyendo? Zilo! Amene analemba zimenezo sanapelekepo nkhuku kwa apongozi."

"Koma ni mawu anu, Ambuya."

Ambuya anasenza mbale pamutu, namuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Anga? Ndinapondako kusukulu ine? Walemba ndiwe!"