Mwezi umene aPhiri anayambanso kuona

Chaka chija madotolo a maso anabwera ku Ulongwe, mafoni anali asanafike m'midzi muno, ndipo iwe Tereza unali udakali kumsana, koma Fatima uyu anali asanabadwe n'komwe. Manja asaime, pitirizani kusankha mbatatesizo, zowola muziponya m'dengu ilo, ine ndikufuna makutu okha.

Agogo anu aamuna, aPhiri, amene anthu ankangowatchula kuti aPulofesolo chifukwa anaphunzitsa ana ku Fonte Boa mpaka imvi zinamera, anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri osaona. Ng'ala inawatseka maso onse awiri pang'onopang'ono, ndipo ine ndinasanduka maso awo: kutchalitchi ndinkawagwira dzanja, kumunda ndinkawauza kuti chimanga chafika m'chiuno, kalata ikabwera ndine ndinkawerenga, iwo n'kumanena zoyankha, ine n'kumalemba. Tsono madotolo aja anawachotsa ng'alayo, ndipo tsiku limene anawamasula nsalu kumaso, anandiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali n'kunena kuti, "aNabanda, mwakalambatu." Anthu onse m'chipindamo anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Dotolo anawapatsa mandala n'kuwalangiza kuti, "Mwezi wathunthu mukhale pakhomo, bambo. Fumbi ayi, dzuwa ayi, kuwerama ayi." Iwo anavomera ndi mutu ngati mwana wa sukulu, koma ndikuuzani, mwezi umenewo, wozizira uja wa nkhungu, ndi umene agogo anu sanakhale pansi ngakhale tsiku limodzi.

Anayamba ndi kuwerenga. Thumba la feteleza, bokosi la machesi, kalendala yakale imene inali kukhoma, pepala limene anandikulungiramo sopo kumsika, zonse ankawerenga mokweza, atayimirira, mpaka nkhuku kuthawa pakhonde. Inu masiku ano mumangotsetsereza chala pa foni, mawu n'kumadutsa ngati madzi, ndipo mukafunsidwa kuti mwawerenga chiyani simudziwa, koma ife ku misiyoni buku limodzi tinkaunjikana anthu khumi, ena n'kumaliwerenga chadodolido. Ndiye munthu amene anakula motero, n'kumanidwa zilembo zaka zonsezo, mungamuuze kuti apumitse maso? Tsiku lachitatu anakoka bokosi lawo la mabuku pansi pa bedi, ndipo atalitsegula anapeza dothi la chiswe, zikuto zokha zitatsala.

"Munkati mabuku anga ali bwino," anatero.

"Ndinkaopa kukuuzani."

Sanakalipe. Anafukula m'dothimo, anapeza theka la buku la mapiri ndi mitsinje, analikuntha pabondo n'kuyamba kuliwerenga kuyambira pakati.

Lamlungu litafika anaitanitsa kazako yawo, jekete lija lakuda limene ankavala popita ku Misa. Ana inu, lakuda linali dzina chabe. Linali litasuluka ngati phulusa, ndipo m'zigongono ndinali nditaikamo zigamba zobiriwira zimene ndinang'amba pa chitenje changa. Analitembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Kodi ndakhala ndikukhala kutsogolo kwa mpingo nditavala ichi?" Mawa lake anandidzutsa kuti tipite kumsika ku Ulongwe, fumbi lonse lija, ine ndikuwakumbutsa za dotolo, iwo ali patsogolo. Njira yonse ankadandaula: anyamata mathalauza akulendewera pansi pa chiuno, atsikana avala mathalauza ngati amuna, tsitsi lalitali la kugula. Amati dziko lapenga iwo ali mumdima. Paja nthawi yathu chovala chinkasokedwa kwa telala kamodzi pachaka, tikakolola, ndipo unkachivala mpaka mng'ono wako adzachilandire. Koma titafika pa mulu wa kalamidadi, zovala zakale zija amagulitsa pansi, munthu yemwe uja wodandaula anadutsa majekete onse akuda n'kutola malaya a maluwa ofiira, maluwa aakulu ngati mbale.

"aPhiri, amenewo ndi a anyamata ovina," ndinatero.

"Zakuda ndaziona zaka zisanu ndi ziwiri, zandikwana."

Anawavala pomwepo, ndipo inenso anandigulira duku lachikasu loti munthu akuone uli kutsidya la dambo.

Mukuseka, koma ine sindinkaseka kwenikweni, chifukwa mabuku ndi kazako zinali zazing'ono. Chachikulu chinali cha mwana wathu, azakhali anu a Luziya. Iwo anakwatiwa ku Tete ndi Benadito, mnyamata amene agogo anu anamuphunzitsa okha kuyambira ali wamng'ono, anakhala mlembi wa boma, ndipo aPhiri ankamunyadira kuposa mwana wobereka. Chaka chachinayi cha khungu lawo, pamene anali atafooka mtima mpaka kumakana chakudya, kunabwera kalata yoti Benadito wapita ku Beira ndi mkazi wina, wamusiya Luziya ndi ana atatu. Ndinaiyang'ana kalatayo, ndinawayang'ana iwo atakhala pampando nkhope ili kumwamba, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Akuti onse ali bwino, Benadito akupereka moni." Ndinaganiza kuti ndidzawauza akalimba. Koma kalata yachiwiri inabwera, yachitatu, ndipo bodza lija linali litazolowera pakamwa. Iwo ankanena zoyankha, moni kwa mkamwini, za mvula, za mbatatesi, ine n'kumachotsa moniyo. Kenaka Luziya analemba kupempha kuti abwerere kuno kwawo. Ndinaona kuti akabwera zonse ziululika, ndipo ndinalemba ndi dzanja langali kuti, "Abambo ako akuti upirire konko." Musandiyang'ane choncho, Fatima, ndikudziwa.

Kalata zonsezo ndinazibisa m'chitini, pakati pa mbewu ya nyemba. Tsono ganizani munthu amene akuwerenga ngakhale bokosi la machesi akuyendayenda m'nyumba momwemo. Ndikamva akusuntha chinthu m'chipinda, ndinkasiya mtondo n'kuthamangira. Anandifunsa kawiri za kalata za mwana wawo, ndinati chiswe chinadya pamodzi ndi mabuku.

Sabata yachiwiri anatulukira televizawu. Pa baraka, kagolosale kaja ka aJuliyasi, pamsewu paja pali chigayo tsopano, ankaonetsa novela, masewero aja osatha, masana ndi batire la galimoto, ndipo agogo anu ankakhala pabenchi lakutsogolo pakati pa ana, malaya a maluwa ali pathupi. Ife tili atsikana, kanema tinkamuona kamodzi pachaka pakhoma la misiyoni, ndipo tinkamukamba miyezi itatu, koma inu mumagona naye m'manja. Iwo sankangoonera, ankayankha anthu a m'bokosimo, kuwadzudzula, kumasulira Chipwitikizi kwa aliyense ngakhale amene sanafunse. Tsiku lina anandikakamiza kuti ndipite nawo, ndipo mwatsoka tsikulo m'seweromo munali mayi wina amene ankabisira mwamuna wake nkhani ya mwana. APhiri anamenya pabondo n'kunena mokweza kuti, "Mkazi uyu alibe mtima!" Ine ndinanamizira mutu n'kubwerera kunyumba.

Kenaka miyendo inayamba kuwayabwa. Anayenda pansi kupita ku Fonte Boa kukaona mitengo imene anabzala ndi ana a sukulu, anabwerako akudabwa kuti yaposa denga. Anapempha njinga n'kupita ku Domwe kukaona mlongo wawo. Anakwera lole ya mbatatesi mpaka ku Kalomwe, osagula kanthu, osagulitsa kanthu, kungoima pamalire kuyang'ana phiri la Dedza ndi anthu onyamula matumba panjinga. Ankabwera maso atafiira, ine n'kumawathira mankhwala, mbali ina ndikuopa kuti khungu libwerera, ndipo mbali ina, Mulungu andikhululukire, sindikudziwa chimene ndinkafuna. Ulendo uliwonse unkatalika kuposa unzake, ndipo ndinkadziwa kumene maulendowo akulowera.

Mwezi uli pafupi kutha anati, "aNabanda, chapani duku lanu lija. Mkuja tikupita ku Tete. Ndikufuna ndikaone nyumba ya Benadito ndi adzukulu anga."

Ndinayesa zonse. Ndinati ku Tete n'kotentha, maso aphulika, ndinati nyemba sitinapunthe, ndinati tiyambe talemba kalata. Anati, "Kalata zakwana, ndikufuna nkhope." Lero mukanangoimba foni n'kumuchenjeza munthu, koma nthawi imeneyo kalata inkayenda sabata ziwiri, ndipo ife tinali ndi masiku awiri. M'mawa wa ulendowo ndinapita pa chitini chija, ndinatulutsa kalata zonse n'kuzimanga pa mfundo ya chitenje, osadziwa ngati ndikukazipereka kapena kukazitaya mumtsinje.

Tinakwera chapa, minibasi ija, ku Ulongwe, tothinana, nkhuku kumapazi, thumba la kabichi pamiyendo. Iwo anakhala kuwindo, akuwerenga chikwangwani chilichonse, akundigwedeza kuti ndione ichi, ndione icho. Msewu unayamba kutsika, nkhungu inatsala kumbuyo, anthu anayamba kuvula majuzi. Titaima pamphambano paja msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zobwe, amayi ogulitsa nthochi atazungulira mawindo, ndinamasula mfundo ija n'kuika kalatazo pamiyendo pawo.

"Chiswe sichinadye," ndinatero. "Werengani nokha."

Anandiyang'ana, anakonza mandala, anayamba ndi yapamwamba. Chapa inanyamuka, ikudumpha m'maenje, koma iwo sanakwezenso mutu, milambe imene ankafunitsitsa kuiona inadutsa osaiyang'ana. Nthawi imeneyi sankawerenga mokweza, milomo yokha inkagwedera. Atafika pa yomaliza chala chawo chinaima pamzere umodzi, ndipo ndinkaudziwa mzerewo pamtima: "Ababa, ngati mwandikwiyira ndiuzeni, koma musamandiyankhe za mvula." Anapinda kalatazo bwinobwino, anaziika m'thumba la malaya, ndipo mpaka tinafika sanandilankhule.

Luziya tinamupeza tsidya lino la mlatho wolowera mu Tete, pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, akukazinga mandasi padzuwa loswa mutu, ataonda mpaka ine mayi wake ndinayamba ndakayika. Anaona bambo wachikulire wa malaya a maluwa akubwera yekha, popanda womugwira dzanja, ndipo chipande chinamugwa m'manja. Anagwada pafumbipo.

"Ababa, mukuona?"

"Ndikukuona, mwanawe."

"Mwabwera kudzandikalipira?"

"Ndabwera kudzakutenga. Kalata zako ndaziwerenga lero."

Luziya anatembenuka n'kundiyang'ana ine. "Lero?" anafunsa. Mawu amodzi okhawo, ndipo mafuta anali kupsa pamoto, palibe amene anawaphula.

Tinabwerera anthu asanu ndi mmodzi, ndi mtolo wa zovala ndi chiwaya cha mandasi. APhiri ananyamula kamdzukulu kakang'ono pamiyendo njira yonse, akukaphunzitsa zilembo za pa zikwangwani. Ine anandilankhula patapita masiku atatu, tili kudimba, ndipo sanakweze mawu. Anati, "aNabanda, maso okha ndi amene anafa. Ine ndinali moyo. Mwana wanga ankandiitana, inu n'kumuuza kuti ndakana." Ndinalira, ndinati ndinkaopa kuti mufa ndi chisoni. Anati, "Mwina ndikanafadi, koma chisonicho chinali changa." Atatero anandipatsa khasu kuti tipitirize, ndipo pa zaka zisanu zimene anakhalanso ndi moyo sanaibwerezenso nkhaniyo.

Koma azakhali anu sanandifunsepo kanthu, sanandikalipirepo. Anamanga nyumba yawo kuseri kwa nsungwi uko, analera ana awo, amandipatsa moni m'mawa uliwonse, ndikadwala amabwera ndi phala, koma pakati pathu pali chinthu chimene sitinachikhudze, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti nkhani yakale isiyidwe.

Tsono inu ana anga, mudzasamala odwala, mudzasamala okalamba, mwina ine ndemwe. Muwaphikire, muwasambitse, muwagwire dzanja, koma musawabisire za moyo wawo poganiza kuti mukuwachitira chifundo. Muwauze mofatsa, mukhale nawo pafupi pamene akulira, zimenezo n'zokwanira. Ndipo mukalakwira munthu, musadikire kuti ayambe ndi iye kufunsa.

Ha, ndikulangiza inu, chikhalirecho ine mwini sindinachite. Utsi uwo ukutuluka kuseri kwa nsungwi, ndiye kuti azakhali anu alipo. Tereza, tandipatsa ndodo yanga. Ayi, musandiperekeze, tsirizani mbatatesizo. Uku ndipita ndekha.