Pasiwedi ya Apongozi

Kalaliki wa kukhoti, munthu amene ntchito yake inali kutayipa mawu a anthu monga momwe atulukira pakamwa, anatumidwa ndi mkazi wake kukakonza kompyuta ya apongozi ake, chifukwa masana omwewo mlamu wake wokhala kunja ankati aimbe pa vidiyo kuti aonetse khanda lake. Apongoziwo anapuma pa ntchito ali mkulu wa alonda, koma mtima wawo unatsalira pa geti.

"Ndiye mwati ikudwala chiyani?" anafunsa apongozi, atakhala pa mpando woyang'ana kukhomo, ndodo ili pamiyendo.

"Sikudwala, bambo. Pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse m'katimu ndiyo yakalamba, vidiyo ikuikanika. Ndabweretsa ina pa fulashi iyi, yangotuluka kumene. Imathamanga ngakhale pa makompyuta akale."

"Ikuthawa chiyani?"

Kalaliki anaganiza mofatsa. "Sanalembe."

"Mwaigula kuti?"

"Sagulitsa. Ndi yaulere, ndiponso ndi yotseguka."

Apongozi anadzuka ngati amva geti likulira. "Yotseguka? Anaisiya chosatseka ndani?"

"Eni ake. Amachita dala, kuti aliyense aone momwe anaipangira, akapeza cholakwika akonze."

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Ndi akuba omwe?"

"Sananene kuti kupatula akuba."

"Mayo ine! Nanga mwini wake ndani, woti tikamugwire pakhosi zikavuta?"

"Ndi anthu ambirimbiri, bambo, a m'mayiko osiyanasiyana. Ambiri sanaonanepo n'komwe."

"Gulu losadziwana nkhope, lolowa paliponse, logwira ntchito popanda wolituma. A mkamwini, ine anthu otere ndinkawathamangitsa ndi agalu."

Pochoka kunyumba mkazi wake anali atamuuza kalaliki kuti, "Bambo musakawatsutse. Chimene akanene, kachiteni chomwecho." Kwa iye mawu otero anali chigamulo. Anasomeka fulashi, kompyuta ija inatsokomola pang'ono, pa sikilini panatuluka chithunzi cha nungu.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Nungu, bambo. Anangoiika kuti pakongole."

"Hmm. Nungu sagwidwa chisawawa." Apongozi anakhalanso pansi. "Pitirizani, koma ndikukuonani."

Sankaona kanthu. Magalasi anawakana kalekale, ati ndi a nkhalamba.

"Ikufunsa kuti muli kuti," anatero kalaliki. "Yabweretsa mapu, kuti itchere wotchi."

"Aa! Yangofika kumene, yayamba kale kufunsa njira? Iuzeni kuti ndili pakati pa nyanja yamchere."

Kalaliki anayendetsa mausi, nadina pa kadontho kena kapakati pa madzi.

"Yavomera, bambo. Koma ikuti kumene muliko lero ndi mawa."

"Mawa? Ndiye mdzukulu wanga ndamuphonya?"

"Malinga ndi wotchiyi, anaimba dzulo."

"Ndibwezeni kumtunda msanga!"

Kalaliki anawabweza. Apongozi anapukuta thukuta ndi chipewa ngati munthu amene wasambiradi.

"Tsopano ikufunsa za malo. Akuti kaya tifufute zonse zili m'katimu ilowe yokha, kaya igawane malo ndi yakale ija."

"Taonani mwanowo! Mlendo wa lero lomwe akufuna nyumba yonse. Ee, fufutani! Fufutani zonse, mufufute ndi ine ndemwe!"

Chala cha kalaliki chinanyamuka ulendo wa pa batani. Ndodo inatera pa tebulo, pafupifupi kuphwanya mausi.

"Mukutani?"

"Mwati ndifufute."

"Muli zithunzi za malemu mayi anu mmenemo! Zonse, kuyambira za pa ukwati wathu!"

"Koma mwanena kuti zonse, bambo. Mwabwerezanso."

"Ndimanena mokwiya!"

"Kukhoti sitilemba mkwiyo. Timalemba mawu."

Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, mpweya ukutuluka m'mphuno ngati wa ng'ombe. Kenaka anayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, monga amayankhulira ndi mlonda watsopano.

"Musafufute kanthu. Agawane malo. Koma yakaleyo muipatse chipinda chachikulu, inayamba ndiyo kufika."

"Chachikulu bwanji?"

"Choti mayi anu asapanikizike."

Kalaliki anakoka kamzere ka pa sikilini mpaka anaona kuti malemuwo apeza malo otambasula miyendo.

"Ikufunsa dzina lanu."

"Ikufunsa ngati ndani?"

Kiyibodi inalira, ta-ta-ta.

"Mwalemba chiyani?"

"Zimene mwayankha. Yalandira. Tsopano ikufuna pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira. Munene, ndilembe."

"Ndinene? Chinsinsi n'kuchinena pabalaza, mawindo ali pululu? Sindikuuzani!"

Ta-ta-ta.

"Ikuti mubwereze."

"Sindikuuzani!"

Ta-ta-ta.

"Zagwirizana, bambo. Yayamba kulowa."

Apongozi anagwedeza mutu monyada, poganiza kuti makinawo agonja okha. Pa sikilini kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa, uku zolemba zikusinthana, zofotokoza zatsopano za pulogalamuyo. Kalaliki ankawerenga mokweza.

"Akuti tsopano mawindo amadzisanja okha."

Apongozi anacheukira ku windo la pabalaza. "Ayerekeze. Ndinakhomera ndekha amenewo."

"Akutinso mukafuna, sikilini yonse imasanduka yakuda, kuti maso asapweteke."

"Mwamva? Yabwera ndi mdima wake womwe. Chida cha ntchito ya akuba chimenecho."

"Ndiponso eni ake akakonza china, imakatenga yokha pa intaneti."

"Imatuluka osatsanzika?"

"Imayamba yapempha."

"Ndikakana?"

"Imapemphanso mawa lake."

"Hmm," anatero apongozi. "Khalidwe lokhalo ndiye lilipo."

Kamzere kaja katafika kumapeto, kompyuta inazima n'kuyakanso yokha. Nthawi yomweyo foni ya kalaliki inanjenjemera m'thumba. Anali mkazi wake, kunena kuti mlamu wakhala kale pa vidiyo, khanda alisambitsa, ndipo likangoyamwa ligona. Kalaliki anatambasula manja kuti atsegule, koma apongozi anamukankha ndi phewa, nakhala okha pa mpando.

"Geti langa ndimatsegula ndekha. Ikufuna chiyani?"

"Pasiwedi ija."

"Iti? Ine ndinakana."

"Ilipo, bambo. Ndinailemba."

"Chabwino, nenani."

"Sindikuuzani."

Apongozi anatembenuka ndi mpando womwe.

"Mwati bwanji?"

"Sindikuuzani, bambo."

"A mkamwini, kompyutayi ndi ya yani?"

"Yanu."

"Nyumbayi?"

"Yanu."

"Mkazi muli nayeyo anabereka ndani?"

"Inuyo ndi malemu mayi."

"Ndiye pasiwedi yanga ndi chiyani?"

"Sindikuuzani."

"Ha! Lero ndiye ndaona!"

Apa m'pamene kalaliki anazindikira dzenje limene analowamo. Chikwatirireni anali asanawatsutsepo apongozi ngakhale pa za nyengo. Anayesa kukonza.

"Bambo, mundimvetse. Mawu amene mukufunawo ndi akuti sindikuuzani."

"Ndamva kuti simundiuza! Makutu okhawa ndiye akadali a mnyamata!"

"Ayi, ndikutanthauza kuti mulembe zomwezo."

"Ndilembe mwano wanu? Kuti ukhale umboni?"

"Ndikutchulireni chilembo chimodzichimodzi, inu muzidina."

Apongozi anasongola chala, nayandikiza mphuno pa kiyibodi. Kalaliki ankatchula, iwo ankasakasaka chilembocho ngati nkhuku yotola mapira. Atafika pakati anaima, milomo ikuphatikiza zimene adinazo.

"Si... ndi... ku... Aa! Tsopano mukundikana pang'onopang'ono?"

Anamenya kiyibodi ndi chikhatho, timadontho tonse ta pasiwedi pa sikilini tinabalalika. Foni inanjenjemeranso.

"Akuti khanda layamba kuyasamula, bambo."

Apongozi ananyamula ndodo. "Ndikuwerengerani mpaka katatu."

"Mukhoza kuwerenga, bambo, koma yankho silisintha. Likasintha sitsegula."

Ndodo inatsika. Mawu nawo anatsika.

"Mwana wanga. Njinga yanga ija mumaisirira, ndimakuonani. Tengani, ndi pampu yomwe. Ingondinong'onezani."

Kalaliki anawerama, naika pakamwa pa khutu la apongozi, nanong'ona mwaulemu wonse.

"Sindikuuzani."

Anatseka maso kudikira ndodo. Sinabwere. Atatsegula, anapeza apongozi akumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, maso ali ndi timisozi.

"Alonda anga onse ndinkawayesa chonchi," anatero mkuluyo. "Wina ndikangokweza mawu, waulula. Wina ndikangotchula njinga, wapereka makiyi ndi a kunyumba kwake omwe. Inu ndakuopsezani, ndakunyengererani, mwangoti nji! Ine ndinkati mwana wanga anakwatiwa ndi bulangeti lonyowa."

"Bambo, kunena zoona..."

"Khalani apa. Tsegulani ndinu. Ine ndiyang'ana kukhoma."

Anatembenukadi, chipewa ataphimba nacho kumaso. Kalaliki anatayipa, kompyuta inatseguka mosavuta, ndipo posakhalitsa pa sikilini panadzaza nkhope ya mlamu wake, ndi kamutu kosalala kali pachifuwa.

"Ababa!" anakuwa mlamuyo. "Mukuoneka bwinobwino lero! Koma bwanji dzina lanu likulembedwa kuti Ikufunsa Ngati Ndani?"

"Zachitetezo zimenezo, sungazimve. Tasendeza mwanayo kuno."

Khanda linatsegula diso limodzi, linayang'ana agogo ake mokayikira, n'kulitsekanso.

"Mwaona? Sakhulupirira munthu. Magazi anga enieni!" Apongozi anaseka mpaka kutsokomola, dzanja lili paphewa pa mkamwini wawo.

Kalaliki anamva kukoma kwa dzanja limenelo, koma mtima wa ntchito yake sunamulole kusiya nkhani italembedwa molakwika. Anadikira kuti kuseka kuthe, nawerama.

"Bambo, kuti zonse zikhale m'malo mwake, pasiwedi ija kwenikweni ndi..."

Apongozi anataya ndodo, natseka makutu ndi manja onse awiri.

"Ayi, ayi, musandiuze! Ine ndakalamba, ndingaulule."