Ndinavomera Tchimo Limene Sindinachite

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, chifukwa zina zimene ndinene pano n'zonyansa.

Ambiri mukundidziwa, ndine mayi ake a Tadala, ndimapikula tomato pa Mitundu pano n'kukagulitsa ku Nathenje m'mbali mwa msewu. Ndipo ambiri munamva mbiri yanga chaka chatha. Musayang'ane pansi amayi, ndikudziwa kuti munamva, ena munaifalitsa nawo.

Tadala ali ndi zaka ziwiri anayamba kutupa manja ndi mapazi. Tizala tonse kutupa, kulira kosaleka, ukamukhudza ngati wamuotcha. Apongozi anga atangomuona anati, "Limeneli ndi tsempho. Mwana satupa chonchi popanda kholo lochita chigololo n'kumathira mchere m'ndiwo." Mwana wawo, mwamuna wangayo, sanamufunse. Anayang'ana ine, woyenda ku Nathenje, wogulitsa tomato kwa madalaivala.

Anandiletsa kugwira mchere. M'nyumba mwanga momwe, ndiwo ndaphika ndine, koma mchere azidzathira alamu anga. Kenako anatitengera kwa sing'anga. Abale, ine wovala yunifolomu ya mpingo uno, ndinapita. Munthu uja anatulutsa lumo ladzimbiri, loti sindikudziwa kuti linatema anthu angati, n'kumutema mwana wanga mphini pachifuwa ndi m'mapazi, n'kupakamo phulusa losakaniza ndi malovu ake. Malovu ake, abale. Mwana woti magazi alibe kale, iwo n'kumakhetsa otsalawo.

Atatha anati, "Mankhwala anga sagwira ngati wolakwa sanaulule." Onse kundiyang'ana. Bambo ake a Tadala maso pansi, akutokosa dothi ndi kamtengo. Mwana ali pamiyendo panga akupuma movutikira. Ndiye ndinati, "Ndine. Ndinalakwa ndine." Anandifunsa dzina la mwamunayo, ndinapeka. Ndinanama, abusa. Mwamuna wina sindimudziwa ine, koma ndinadzipaka nyansi ndekha poganiza kuti mwina mwana wanga akhala moyo. Apongozi nkhope inawala ngati apambana mlandu.

Mwana sanachire. Patatha masiku atatu maso anachita chikasu, m'manja munayera ngati pepala. Ndinamubereka osatsanzika aliyense, n'kukwera kabaza mpaka ku chipatala cha pa Mitundu. Anamwino anakoka chikope chake, anaona mphini zija zikutuluka mafinya, anangondifunsa kuti, "Mayi, wamuchita chonchi mwanayu ndani?" Tsiku lomwelo ambulansi inatitengera ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Anamuwonjezera magazi kawiri, tinakhalako milungu itatu.

Adokotala anati ndi sikoselo, matenda a m'magazi obadwa nawo. Anaitanitsa bambo ake, anatiyeza tonse awiri. Anati mwana satengera kwa kholo limodzi ayi, amatenga mbali kwa mayi, mbali kwa bambo. Ndinati, "Adokotala, tabwerezani pang'onopang'ono, awa amve." Anabwereza. Bambo ake analira, koma ndisaname, misozi yawo sinandikhudze tsiku limenelo. Apongozi mpaka lero sanapepese. Amangoti, "Zinatha izo."

Kwa ine sizinathe, n'chifukwa chake ndaima pano. Matendawa sachokeratu, Tadala amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo mwezi uliwonse timakaonana ndi adokotala. Koma tamuonani, ndi uyo wakhala kutsogoloyo, masaya adzaza, kutupa kunatha, amathamanga ndi anzake mpaka kuchita kumukalipira. Amadya ndiwo zimene ndathira mchere ndekha, ndi dzanja langali. Mulungu anamulanditsa ku imfa ine ndikuona.

Ndalapa chifukwa chopita kwa sing'anga, ndalapanso bodza lija. Lero ndikulibweza pamaso panu nonse, kuti mwana wanga akadzakula asadzamve zoti anadwala chifukwa cha chigololo cha mayi ake.

Zikomo Yesu, zikomo Ambuye wanga. Amayi, imirirani, imbani nthungululu, mukondwere nane. Ndipo mawa mukapita ku mjigo, nkhani iyi mukaifalitse ndi liwiro lomwe munafalitsira ija.