Nyemba Yokana Kufa

Linali tsiku lotsekera sukulu mu Julaye, chiperoni chitaphimba Phiri la Zomba mpaka mitengo ya paini osaoneka, ndipo Madamu Consolata a Sitandade 4 pa sukulu ina ya ku Mtiya anali ataitanitsa kholo la mwana wina, Warda, pa mlandu wa nyemba. Amene anabwera anali bambo ake enieniwo, Che Idrissa, amene anakalambira ku nazale ya mitengo kuphiriko ndipo tsopano ankabweretsa nkhuni zophikira phala la ana. Analowa atavala mkanjo woyera ndi kofiya, akumwetulira ngati munthu wodzalandira mphatso.

"Odi, aphunzitsi!"

"Lowani, Che Idrissa. Khalani apo."

Anadzipanikiza pa desiki ya mwana, maondo n'kufika pachibwano.

"Ndamva kuti ndi nkhani ya nyemba," anatero. "Musavutike nazo, ndi zazing'ono."

"Zazing'ono? Belu likalira, ahedi awerenga zotsatira za mayeso pamaso pa makolo onse. Wokhoza akuyambira pa malikisi 50. Warda wapeza 48."

"Ndiye kuti?"

"Abwereza Sitandade 4."

Kumwetulira kuja kunazima. Warda anali atabwereza kale chaka chatha, ndipo bambo ake ankakumbukira bwino mmene analirira njira yonse mpaka kunyumba.

"Kachiwirinso, aphunzitsi?"

"Kachiwirinso. Onani apa." Madamu anatambasula pepala n'kuloza ndi cholembera chofiira. "Funso la malikisi awiri. Likuti, kodi nyemba yopanda madzi imatani? Lembani zimene mwaona m'kalasi. Mwana wanu walemba kuti imakula kwambiri ndipo imachita maluwa."

Che Idrissa anatembenukira pawindo. Panali chitini cholembedwa dzina la Warda ndi penti, ndi kapepala komata konena kuti YOPANDA MADZI. Nyemba ya m'chitinimo inali itayanga pa zitsulo za windo, masamba obiriwira kuti biriwiri, timaluwa toyera tili mbuu.

"Mashallah," anatero. "Ndiye walakwa pati?"

"Nyemba yopanda madzi imafota, imauma, imafa."

"Iyi?"

"Buku likutero."

"Bukulo linabwera kudzaiona nyembayi?"

"Che Idrissa, musandiyese! Mwana wanu wakhala akuithirira mobisa. Ndamufunsa, wakana. Ndamutoletsa zinyalala sabata yathunthu, akukanabe. Kusamvera kuli apo, bodza lili apo."

"Ayi, pamenepo ndikana. Warda sanathirire."

"Ndiye yathiriridwa ndi angelo, eti?"

"Ayi. Ndi ine."

Anayankha akudzigunda pachifuwa, kenaka anakonza kofiya n'kudikira kuthokozedwa.

"Inu?"

"M'mawa uliwonse, ana asanafike. Kapu imodzi, osadzadza. Kukuzizira kuno, mukachulutsa madzi mizu imaola."

"Mumalowa bwanji m'kalasi mwanga?"

"Nanga nkhuni za phala sizigona pakona apo? Kiyi anandipatsa ndi ahedi."

"Ndipo pepala ili simunaliwerenge?"

"Ndinaliwerenga bwinobwino. Sitandade 3 yakale ndinafika ine. YOPANDA MADZI. Ndinati zikomo aphunzitsi pondidziwitsa. Ku nazale, kapitawo akaika chikwangwani pa bedi la mbande, ndiye kuti wobwera m'mawa akonze vutolo. Sachita kukutsata kunyumba kwako."

"Pano si pa nazale!"

"Ndaona. Ku nazale sitikanafika pokhoma mbewu mu kabati ngati wakuba."

Madamu anaimirira pang'onopang'ono. Anapita pa kabati ya mabuku n'kutsegula. Munali chitini chachiwiri, cha mwana wina, Pempho, cholembedwa kuti YA MUMDIMA. Nyemba imene inkayenera kukhala yoyezuka ndi yonyozoloka inali yonenepa ngati yakudimba.

"Iyinso?"

"Imeneyo inandivutitsa," anatero Che Idrissa mokondwa. "Ana akaweruka ndimaitulutsa kukaothera dzuwa kuseri kwa khitchini, madzulo n'kuibweza. Loweruka ndi Lamulungu imaswera panja."

"Ine kumadabwa kuti kabatiyi ili ndi chibowo! Ndinamata makatoni kumbuyo konse!"

"Ndinaona. Munamata bwino."

"Nanga fungo limene lakhala likutisowetsa mtendere mwezi wonse?"

"Manyowa a mbuzi. Ouma, osefa. Musaope, si aja owotcha."

Madamu anadzigwira pamutu ndi manja onse awiri.

"Bambo inu! Nyembazi zimayenera kufa!"

"Kufa?"

"Kufa!"

"Zalakwa chiyani?"

"Sizinalakwe! Ndi phunziro la sayansi. Ina timaimana madzi, ina timaimana dzuwa, kuti ana aone ndi maso awo kuti mbewu imafuna madzi ndi dzuwa."

"Ana ake ati? Awa a ku Mtiya, amene amathirira mpiru wa amayi awo asanabwere kusukulu?"

"Omwewo."

"Iii, mukanangowafunsa. Bwenzi atakuuzani, nyemba osafa."

"Silabasi siitero!"

Che Idrissa anavula kofiya, anakanda pamutu, anavalanso.

"Dikirani ndimvetse. Nyemba ya Warda ikafa, Warda wakhoza?"

"Eya."

"Ikakhala ndi moyo, walephera?"

"Eya!"

"Ikafa, wakhoza."

"Mwamva tsopano."

"Aaa. Ife kuphiri wopha mbande ndi amene ankachotsedwa ntchito. Dziko latembenuka ndili kunkhuni."

"Anzake onse alemba kuti imafa. Onse achongedwa."

"Anaiona ikufa?"

"Analoweza za m'buku."

"Funsolo likuti lembani zimene mwaloweza?"

"Likuti zimene mwaona."

"Ndiye amene waona ndi mmodzi yekha m'kalasi monse, ndipo ndi amene mukumubweza."

"Sindingachonge yankho lotsutsana ndi buku. Mawa mwana ameneyu adzalima munda osathirira, adzati anandiphunzitsa ndi Madamu Consolata."

"Warda? Amene amandikalipira ndikaiwala kuthirira tomato?"

"Ndanena ndanena!"

Madamu Consolata anali munthu wabwino, koma akanena kuti ndanena, ngakhale ahedi ankabwerera pakhomo. Che Idrissa anadzisolola pa desiki paja movutikira, anapinda manja a mkanjo n'kupita pawindo.

"Mukutani?"

"Ndiipha. Mwati ikafa wakhoza." Anagwira tsinde la nyemba ndi zala ziwiri, nkhope atayang'ana kumbali. "Mulungu andikhululukire. Zaka zonse zija sindinazulepo mbewu ya moyo, koma mwana ndi mwana."

"Isiyeni!"

"Mwati ife."

"Imayenera kufa kale, osati lero!"

"Imfa ili ndi tsiku lake, aphunzitsi. Lake ndi lero."

"Mukaipha lero siziwonjezera malikisi! Mwana walemba kale kuti imakula!"

Che Idrissa anasiya tsinde lija msangamsanga.

"Zoona. Ikafa panopa, Warda asanduka wabodza." Anasisita tsamba limodzi ngati akulipepesa. "Ndiye ikhale ndi moyo."

"Ikakhala ndi moyo wabodza ndikhala ine! Makolo akamva zotsatira alowa muno kudzaona ntchito za ana. Kwabweranso mlendo wochokera ku ofesi ya maphunziro. Adzawerenga kuti YOPANDA MADZI, adzaona maluwa. Ndidzalowa pati ine?"

"Ndiye ife."

"Ayi!"

"Ikhale?"

"Ayi!"

"Aphunzitsi, nyemba singachite zonse ziwiri."

Kunja ana anali atayamba kunyamula mabenchi kupita pabwalo, ena akuimba nyimbo yotsanzikana ndi sukulu mosokosera. Madamu anakhala pansi n'kukankha chinthu china ndi phazi kunsi kwa tebulo. Aka kanali kachitatu kuchita zimenezi, ndipo Che Idrissa, amene diso lake linazolowera kuona mbozi pa tsamba, anali ataona.

"Kodi zitini zija sizinali zitatu?"

"Zinali ziwiri."

"Zitatu. Chachitatu chinali pamwamba pa kabati, kuseri kwa mulu wa mapepala. Cholembedwa dzina lanu."

"Chimenecho chilibe nkhani."

"Chija munamatapo kuti ILI NDI ZONSE. Chili kuti?"

"Ndachisunga."

Phazi linakankhanso, koma linapyola muyeso. Chitini chinagwa, chinagubuduzika pa simenti, ngwe ngwe ngwe, mpaka kukaima pa nsapato ya Che Idrissa. Anachitola. Munali dothi louma gwa, ndi kamtengo kofiirira kokhala ndi tsamba limodzi lopiringizika. Analikhudza, tsambalo n'kuthothoka.

"Innalillahi," ananong'ona. "Yapita kalekale iyi."

"Ndi chifukwa cha inu!" Madamu analusa. "Munathirira za ana a eni, munazitulutsa kukaothera dzuwa, munazidyetsa manyowa. Yangayi inakulakwirani chiyani?"

"Munalemba kuti ili ndi zonse. Ine ndani kuti ndiwonjezere pa zonse?"

"Simunaione ikufota?"

"Ndinaiona, mtima unandipweteka. Koma Warda anandiuza kuti Madamu anati wokhudza chitini chawo aona polekera. Ndinati mwina ndi sayansi."

Madamu anagwetsa nkhope pansi. Anachita manyazi kwambiri, manyazi aja ofika mpaka m'makutu. Kwa sabata yathunthu anatoletsa mwana wa eni zinyalala pa mlandu wosamala mbewu, pamene yawo inkafa ndi ludzu pamwamba pa mutu wawo.

"Ana 112," anatero motsitsa mawu. "Mapepala a mayeso asanu ndi limodzi mwana aliyense, wochonga ndekha. Ndinaiika pamwamba kuti ana asaigwetse. Ndinaiwala."

"Zimachitika. Ine ndinaiwalapo bedi lonse la mbande chaka chimene Warda anabadwa."

Madamu anayang'ana chitini chouma, anayang'ana cha pawindo. Mwadzidzidzi maso awo anawala.

"Che Idrissa, matulani pepala ilo. Tisinthanitse."

"Aaa, aphunzitsi. Si bodza limenelo? Lija munatoletsera mwana zinyalala?"

"Ganizani bwino. Youmayi inalandira madzi?"

"Ngakhale dontho."

"Nanga ya Warda inasowa chiyani?"

Che Idrissa anawerenga ndi zala. "Madzi inali nawo. Dzuwa. Manyowa. Kamtengo koyangira. Ndinkaiyankhulanso pang'ono."

"Ndiye mapepalawa akunama panopa. Tikasinthanitsa anena zoona."

Bamboyo anaganiza nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Kenaka anagwedeza mutu, anamatula kapepala ka YOPANDA MADZI mosamala, koma m'malo mokapereka anakabisa kumbuyo.

"Bweretsani, nthawi yatha!"

"Pa tsiku la mayeso, pepalali linali pa chitini chiti?"

"Cha Warda."

"Ndipo mwana analemba zimene anaona?"

"Che Idrissa..."

"Ine ndikungofunsa. Sukulu ndinalekeza panjira."

Kunja wina anamenya chitsulo cha belu, ngo ngo ngo, ana n'kukuwa ngati amasulidwa kundende. Madamu anapuma mozama. Anakoka pepala la Warda, anadula mtanda wofiira uja, anachonga, n'kulemba pamwamba 50. Anakonzanso pa ndandanda yopita kwa ahedi.

"Wakhoza. Apita Sitandade 5. Ndipo za zinyalala zija ndimupepesa ndekha pamaso pa anzake."

Che Idrissa anayang'anitsitsa nambala ija ngati ingathawe. Maso ake analengeza misozi, ndipo anapukuta ndi nsonga ya mkanjo akunamizira chiperoni.

"Alhamdulillah. Mayi ake anaphika kale mpunga, koma tinkaopa kuti tidya ndi misozi."

Che Idrissa anamata yekha kapepala ka YOPANDA MADZI pa chitini chouma, ka ILI NDI ZONSE pa cha Warda, n'kuziika pa tebulo moyang'ana khomo. Madamu anatembenuza chouma chija kuti dzina lawo liyang'ane kukhoma. Che Idrissa anachitembenuzanso.

"Dzina lisaoneke!"

"Ntchito ya munthu imayenda ndi dzina lake. La Warda likuoneka."

"Mlendo wa ku ofesi akafunsa kuti wapha nyembayi ndani, ndidzati chiyani?"

"Munene zoona, mutu uli m'mwamba." Che Idrissa anakonza kofiya, anaima pakhomo n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. "Munanena nokha kuti ikafa, wakhoza. M'kalasi monse muno yafa ndi yanu yokha. Mwakhoza, aphunzitsi. Simubwereza."